Ndili ku Leeds ndi pasipoti ya ku Britain, kodi banki ya kumudzi ingandipatse loni ya nyumba ku Blantyre?

Funso lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku UK. Akuti: "Ndinabadwira ku Chilomoni, ndinabwera kuno mu 2004, ndine nesi ku Leeds. Mu 2012 ndinatenga pasipoti ya kuno, ya Malawi itatha sindinakonzetsenso. Amuna anga ndi a ku Ghana, nawonso ali ndi pasipoti ya ku Britain. Taona nyumba ku Chigumula pa Facebook, akuti K140 miliyoni, ife tasunga ngati K40 miliyoni. Kodi banki ya ku Malawi ingatibwereke yotsalayo ngakhale tikukhala kunja? Achimwene anga akuti ndingolemba dzina lawo pa nyumbayo kuti zinthu ziyende msanga."

Achemwali, zikomo polemba, ndipo mupereke moni kwa alamu athuwo. Ndiyankha motalika pang'ono chifukwa funso lanuli ndalimva kambirimbiri kuyambira nthawi imene ndinkakhala kuseri kwa desiki ya maloni mpaka pano pamene ndimangothandiza anthu pa za malo ndi nyumba, ndipo pafupifupi aliyense wa kunja amayambira pamalo olakwika. Amayambira ku banki. Banki si geti loyamba ayi, ndi lachitatu. Loyamba ndi la Immigration, lachiwiri ndi la Lands, ndipo mukalumpha awiriwo a banki adzakulandirani bwinobwino, kukupatsani mafomu ndi kumwetulira konse, kenako fayilo yanu n'kukagona mu kabati.

Tiyambe ndi zimene mwina simukufuna kumva. Inu mumtima ndinu wa pa Chilomoni, mchombo wanu unagwera kuno, koma pa pepala mutha kupezeka kuti ndinu mlendo. Mu 2012 muja lamulo la dziko lino silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, ukatenga unzika wa kwina mwa kufuna kwako ndiye kuti wa kuno wautaya, olo palibe anakulembera kalata yokuuza. Nyumba ya Malamulo inadzasintha zimenezi mu December 2018, tsopano amene ali Mmalawi chifukwa chobadwira kuno kapena chifukwa cha makolo akhoza kukhala ndi unzika uwiri. Koma sizibwerera zokha eti, pamafunika kufunsira ku Immigration, kupereka umboni woti munali nzika, kulipira, n'kudikira. Pasipoti yakale ija ngati ikadali m'chikwama china chake pansi pa bedi, musaitaye, ndi golide ameneyo.

Nanga unzika ukukhudzana bwanji ndi loni? Umu ndi mmene zilili. Loni ya nyumba, ija a banki amati mortgage, chikole chake ndi nyumba yomweyo. Banki imalembetsa dzina lake pa title deed, chikalata cha umwini wa malo, kuti mukalephera kubweza igulitse. Ndiye ngati lamulo silikulolani kuti dzina lanu likhale pa title deed, banki igwira chani? Malamulo athu a malo analembedwanso mu 2016, ndipo nthawi imeneyo mlendo ankatha kupeza lizi, kutanthauza kubwereka malo kwa nthawi yoikika, yosapyola zaka 50. Kenako mu 2022 anamanganso mfundo ina yolimba kwambiri, yoti malo asamagulitsidwe kapena kuperekedwa kwa munthu amene si nzika. Khomo limene linatsala ndi la anthu obwera kudzakhazikitsa bizinesi, amene amadzera ku Malawi Investment and Trade Centre, koma limenelo ndi la mafakitale, mahotela ndi minda ikuluikulu, si la banja lofuna nyumba ya zipinda zinayi ku Chigumula yodzapumiramo akadzatopa ndi chisanu. Ena amati tingotsegula kampani igule ndi kampaniyo. Kampani imene masheya ake ambiri ali m'manja mwa akunja lamulo limaiona ngati yakunja basi, palibe mwazemba.

Choncho kwa alamu athu a ku Ghana yankho ndi lalifupi, dzina lawo pa title deed musaliwerengere. Kukwatira Mmalawi sikumusandutsa munthu nzika, ngakhale pemiti yokhalira m'dziko muno mpaka kalekale si unzika. Chimene angathe, kutengera banki yake, ndi kuti malipiro awo awerengedwe pamodzi ndi anu kapena asaine ngati okuikirani kumbuyo. Zimenezi mukambirane awiri m'nyumba mosabisa, chifukwa munthu kuika mapaundi ake pa nyumba imene dzina lake palibe si nkhani yaing'ono, ndipo loya akhoza kukulemberani mgwirizano wa awirinu komanso wilo kuti aliyense mtima ukhale m'malo.

Tsopano za achimwene anuwo. Sindikuwadziwa, mwina ndi munthu wa Mulungu weniweni, mkulu wa mpingo. Koma yankho langa ndi ayi, ndipo ndikanena ayi sindikunena kuti achimwene ndi akuba. Vuto si mtima wawo, vuto ndi loti anthufe timafa, timakwatira, timakongola. Panali mayi wina wa ku Ireland amene anachita chimodzimodzi, nyumba anagula ndi thukuta lake la ma shifiti a usiku n'kulemba dzina la mchimwene wake, munthu wokhulupirika amene ankatumiza lendi mwezi ndi mwezi osadyapo olo tambala. Mchimweneyo anamwalira pa ngozi ya pamsewu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati katundu wa womwalira wopanda wilo apite choyamba kwa mkazi wake, ana ake ndi amene ankawasamala. Nyumba ija pa pepala inali ya malemu. Mlamu wake sanabe kanthu, anangotsegula fayilo n'kuloza dzina. Ndinamuona mayiyo atakhala pa benchi panja pa khoti ku Chichiri, m'manja muli envelopu yodzaza ndi malisiti a ndalama zimene ankatumiza, ena atafufutika inki, akuwasanja pa ntchafu ngati makadi. Mlandu wotere umatha kuwina, koma pakutha pake zaka zapita, ndalama zathera maloya, ndipo ubale wafa. Komanso ganizani izi, loni ikakhala m'dzina la achimwene banki iyang'ana malipiro a achimwene osati anu, ndipo iwo akakhala ndi ngongole ina kwina, okongozawo akhoza kudzagwira nyumba yanuyo inu muli pa shifiti ku Leeds.

Tinene kuti unzika mwabwezeretsa, chiphaso cha NRB chili m'manja. Apa ndiye yankho la funso lanu likusanduka eya, ndi zotheka. Mabanki akuluakulu monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH amawafuna anthu a kunja chifukwa dziko lino lili ndi ludzu la ndalama zakunja, ndipo mukafunsa za akaunti ya diaspora sakudabwani. NBS ija musanaiwale inayamba ngati New Building Society mu 1964, ntchito yake inali yomweyi yobwereketsa za nyumba, inadzasanduka banki mu 2004. Koma kutsegula akaunti ndi kupatsidwa K100 miliyoni ndi zinthu ziwiri zotalikirana ngati Nsanje ndi Chitipa. Munthu wa maloni akaona fayilo ya wa kunja funso limene limazungulira m'mutu mwake ndi limodzi, uyu akasiya kulipira ndikamupeza kuti? Wogwira ntchito ku Limbe malipiro ake amadutsa mu banki momwemo, amadula asanawaone n'komwe. Inu abwana anu ali ku Yorkshire, banki ya pa Victoria Avenue ilibe dzanja lofika kumeneko. Ndiye zonse zimene adzakufunseni ndi njira yofupikitsira mtunda umenewo.

Adzafuna kalata ya kuntchito yosonyeza kuti ndinu wokhazikika osati wa ejensi wongoitanidwa, ma payslip a miyezi ingapo, sitetimenti ya banki yanu ya ku UK ya miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, umboni wa kumene mukukhala, mbiri yanu ya ngongole ya kumeneko monga ija ya Experian, ndipo kuno adzayang'ananso ku ma credit bureau ngati munathawa ngongole ina musanakwere ndege. TPIN, nambala yanu ya msonkho ya ku MRA, nayo mudzaifuna. Koma pepala lolemera kuposa onsewa ndi sitetimenti ya akaunti yanu ya kuno. Ngati kwa chaka chathunthu mwezi uliwonse mukulowa ndalama yofanana kuchokera ku akaunti yanu ya ku Leeds, tsiku lomwelomwelo, wa maloni uja amapita ku komiti ali ndi chonena. Ndiye tsegulani akauntiyo lero, muyambe kudzilipira nokha ndalama imene mukuganiza kuti idzakhala instolomenti, mupha mbalame mbali zonse, dipoziti ikukula, mbiri ikumangika, ndipo inu mukudziyesa ngati mungapirire.

Apa ndikhudze nkhani imene tonse timaidziwa koma timanong'ona. Ndikudziwa kuti kumeneko kuli anthu oti mumawapatsa mapaundi pamanja, patangopita ola limodzi wina wagwetsa makwacha mu akaunti ya m'bale wanu ku Limbe, pa leti yokoma kuposa ya ku banki. Ndikumvetsa chikoka chake. Koma kupatula kuti ndi kuphwanya malamulo a ndalama zakunja, pa nkhani ya nyumba n'kudziwombera phazi. Pansi pa Financial Crimes Act ya 2017 banki ndi loya yemwe ayenera kufunsa kumene ndalama zachokera, ndiye K40 miliyoni yolowa m'tizidutswa kuchokera kwa anthu khumi osadziwika, wina wa shopu ya matayala wina wa salaula, mudzaifotokoza bwanji? Ndipo tsiku lina mukadzafuna kugulitsa nyumbayo kuti ndalama zibwerere ku UK, funso loyamba lidzakhala loti tionetseni mmene zinalowera. Sungani kapepala kalikonse ka banki kosonyeza mapaundi akulowa.

Tsopano tikhale pansi ndi kalukuleta, pano ndi pamene anthu ambiri a ku Mangalande amagwira m'mutu. Inu mwazolowera chiwongoladzanja cha kumeneko. Bank of England itakweza leti yake kufika pa 5.25% mu August 2023 dziko lonse linalira ngati kwagwa maliro. Kuno Reserve Bank inakweza policy rate, leti imene imabwereketsera mabanki, kufika pa 26% mu February 2024, ndipo mabanki amatenga reference rate, leti yoyambira imene onse amatsatira, n'kuonjezapo kawo pamwamba. Tiyerekeze kuti akupatsani pa 28% pachaka, ndikungotenga nambala yoti tiwerengere, yeniyeni mukaifunse tsiku lomwe mukusaina. K100 miliyoni kwa zaka 15, mwezi uliwonse muzilipira pafupifupi K2.37 miliyoni. Pa ndalama imeneyo mwezi woyamba K2.33 miliyoni ndi intelesiti yokhayokha, imene yadula ngongole yeniyeni ndi ngati K37,000 basi. Pakutha pa zaka 15 mwapereka K427 miliyoni pa K100 miliyoni imene munatenga.

Ndiye taonani chodabwitsa. Mukafupikitsa kukhala zaka 10, pamwezi ndi K2.49 miliyoni, mwangoonjeza K120,000, koma zonse pamodzi zikutsika kufika K299 miliyoni. K128 miliyoni yapulumuka, nyumba ina yathunthu imeneyo. Mukatalikitsa kufika zaka 20 pamwezi pakungochoka K30,000 yokha koma zonse zikukwera kupyola K560 miliyoni. Zaka 5, pamwezi K3.11 miliyoni, zonse K187 miliyoni. Ku UK kutalikitsa loni kumapeputsa katundu, anthu amatenga zaka 25 kapena 30 osaopa. Kuno intelesiti ikakhala pamwamba chonchi kutalikitsa sikupeputsa kanthu, mumangodyetsa banki. Munthu akakuuzani kuti tengani zaka zambiri kuti muzipuma, muonetseni manambala amenewa.

Wina anena kuti iyayi, wolandira mapaundi asaope loni ya makwacha chifukwa kwacha imagwa. Pali choonadi pamenepo. Mu May 2012 inagwa, mu May 2022 inagwa ndi 25%, mu November 2023 inagwanso ndi 44%, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Instolomenti ya K2.37 miliyoni imene inali ngati madola 2,000 inasanduka ngati madola 1,400 usiku umodzi wokha. Amene anali ndi loni ya makwacha akulandira za kunja anagona tulo tabwino sabata imeneyo. Koma musamange nyumba pa chiyembekezo choti kwacha igwa chaka chilichonse. Itafika cha m'ma K1,750 mu March 2024 leti ya ku banki inaima pamenepo kwa nthawi yaitali zinthu pamsika zikukwera, ndiye wotumiza mapaundi kudzera ku banki ankalipira intelesiti yonse ija ndi ndalama yolimba popanda chomupeputsa. Ndipo kwacha ikagwa intelesiti nayo imakonda kukwera pambuyo pake, maloni athuwa leti yake simakhomedwa msomali ngati ma fixed a kumeneko, imayenda, mumangolandira meseji yoti kuyambira mwezi wa mawa muzilipira zakuti.

Nanga lendi singalipire loniyo? Ayi, iwalani. Tinene kuti mwapeza munthu wa bungwe wolipira bwino, K800,000 pamwezi. Instolomenti ndi K2.4 miliyoni. Lendi yagwira gawo limodzi mwa atatu, musanachotse ma city rates, inshulansi, mlonda, gizala yaphulika, mpanda wagwa ndi mvula, ndi miyezi imene nyumba ikhala yopanda munthu. A MRA nawo amafuna gawo lawo pa lendi, ndipo poti ndinu wokhala ku UK a HMRC, otolera msonkho a kumeneko, amafunanso kumva za ndalama zimene mukupeza kunja, mufunse wa misonkho wa kumeneko.

Ndikanakhala ine ndikanatani? Ndikanayang'ana kaye kumene ndili. Banki ya ku UK singatenge nyumba ya ku Chigumula ngati chikole, zimenezo musavutike n'kufunsa, koma ikhoza kukupatsani loni wamba potengera malipiro anu, pa intelesiti imene kuno tingaione ngati mphatso. Mukulandira mapaundi, mukubweza mapaundi, kwacha kaya igwe kaya iime sizikukhudzani. Ngati muli ndi nyumba kumeneko ena amaikweza ngongole n'kutengapo ndalama, koma apo dekhani, mwaika denga limene ana anu akugona pansi pake pa chiswe chifukwa cha nyumba imene muzigonamo masabata atatu pa chaka. Njira imene ndaona ikuyenda bwino ndi yophatikiza, dipoziti yanu, kaloni ka kumeneko, kenako kuno kungotenga kotsala kochepa, K30 kapena K40 miliyoni, kwa zaka zisanu, ndipo musanasaine mufunse kuti ndikafuna kubweza msanga mundilipiritsa chindapusa? Yankho likhale lolembedwa mu offer letter, osati la pakamwa pa kamnyamata ka tayi kamene chaka cha mawa kadzakhala katasamukira banki ina.

Ubwino wa kukhala ndi kaloni ka kuno, olo kochepa, ndi umene anthu sauona. Banki imabwera ndi maso ake. Imatumiza valuer wake, katswiri woyeza mtengo wa nyumba, maloya ake amafufuza title, ndipo ndalama sizituluka mpaka mapepala atayera. Kwa munthu amene ali kutali amenewo ndi alonda aulere, chabwino si aulere kwenikweni poti mumalipira ndinu, koma ndi alonda.

Zimene zikutifikitsa pa geti lachiwiri lija, nyumba ya pa Facebook. Chithunzi chokongola, kapinga wobiriwira, matailosi onyezimira, chikomekome cha mkuyu. Funso loyamba kwa ejentiyo lisakhale loti mtengo mungatsitse, likhale loti title number ndi chani. Akayamba kuzungulira, kuti mapepala ali mu process, kuti a mfumu anasaina kale, dziwani kuti banki siikhudza. Kalata ya a mfumu si chikole. Mbali zambiri za m'mphepete mwa tauni, ku Chigumula komweko, ku Chileka, ku Mpemba, ku Lunzu, kuli nyumba zapamwamba zomangidwa pa malo amene alibe title, eni ake akhalapo zaka popanda vuto, koma loni pamenepo palibe. Mu Blantyre muno eni nthaka akuluakulu ndi Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation ndi khonsolo ya mzinda, ndipo nyumba zambiri zili pa lizi, kawirikawiri ya zaka 99. Muyenera kudziwa kuti lizi ili pansi pa ndani, yatsala zaka zingati, ground rent inalipiridwa, ndipo mwini nthakayo ayenera kuvomereza kuti nyumba isinthe dzina komanso kuti ikhale chikole.

Mukapeza title number, loya wanu, wanu osati wa wogulitsa, ndipo mutsimikize ku Malawi Law Society kuti ali ndi laisensi ya chaka chino, apite ku Lands akachite search. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene imapulumutsa. Pepala limenelo limaonetsa mwini wake weniweni, ngati nyumbayo ili kale pa chikole ku banki ina, komanso ngati wina anaikapo caution yoletsa kugulitsa. Bambo wina wa ku Cape Town anatumiza K15 miliyoni ya dipoziti kwa dobadoba chifukwa anamuuza kuti pali ogula ena atatu akubwera Loweruka. Titachita search tinapeza kuti title ili m'dzina la gogo amene anamwalira kalekale, ana ake asanu ndi awiri, wogulitsayo anali wachinayi, ndipo wachiwiri anali ataika kale caution. Nyumba ya malemu sigulitsidwa ndi mwana amene ali ndi makiyi, imagulitsidwa ndi amene khoti linamupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Bamboyo anabwezeredwa theka, patapita zaka ziwiri, kwacha itagwa kale. Mawu oti ogula ena akubwera Loweruka ndi nyimbo ya fuko ya madobadoba, musavine nawo. Ndipo dipoziti ipite ku akaunti ya makasitomala ya loya, isatuluke mpaka zinthu zitatheka.

Kenako mabikoni, zizindikiro za m'makona zosonyeza malire a puloti. Izi anthu amaseka koma ine ndinaimapo pa puloti ina ndi saveya dzuwa likuswa mtengo, mnyamata akukumba ndi khasu pakona pa mpanda kufuna bikoni, kukumba kukumba osaipeza, mpaka tinakaipeza mkati mwa yadi yomweyo, pansi pa mtengo wa mapeyala, mamita awiri kuchokera pa mpanda. Kutanthauza kuti mpanda wonse wa mbali imeneyo ndi theka la boys quarter zinali pa malo a neba. Wogulitsa anangoti aaa takhala chonchi zaka 20 palibe anadandaula. Eya, neba wakaleyo sanadandaule, nanga mwana wake? Valuer wa banki anachotsa boys quarter yonse pa mtengo. Funsaninso mapulani ovomerezedwa ndi khonsolo ku Civic Centre, chifukwa zipinda zoonjezera mwakabisira banki imatha osaziwerengera. Ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche, ma valuer ndi a inshulansi amayang'anitsitsa nyumba za m'mapiri ndi za m'mphepete mwa mitsinje, inunso muziyang'ana kumene madzi amadzera, osangoona view.

Za valuation muzimvetse bwino chifukwa zimagwetsa madilu ambiri. Banki sibwereketsa potengera mtengo wa wogulitsa, imatengera mtengo wa valuer wake, ndipo pamenepo imangopereka gawo, lotsalalo ndi lanu. Wogulitsa akuti K140 miliyoni, valuer n'kunena kuti K115 miliyoni. Banki ikati ipereka 80 pa 100 iliyonse ndiye kuti K92 miliyoni, inu mupeze K48 miliyoni, K40 miliyoni yanu ija yaperewera kale musanalipire china chilichonse. Ndipo kwa wokhala kunja amatha kufuna dipoziti yokulirapo. Pamwamba apo pali msonkho wa stamp duty, loya wanu, loya wa banki amene mumamulipira ndinu, valuer, fizi ya banki yokonzera loni, inshulansi ya nyumba ndi ya moyo wanu imene mwina adzafuna mukayezetse kuchipatala. Ine ndimauza anthu kuti pa nyumba ya mtengo uwu aike pambali K8 mpaka K10 miliyoni ya zimenezi, ikatsala ndi ya penti. Wogulitsa naye ali ndi zake, tax clearance ya ku MRA ndi umboni woti city rates alibe ngongole, musalole kuti ngongole zake zisamukire kwa inu. Zaka zanunso zimawerengedwa, mabanki amafuna loni ithe musanapume pa ntchito, ndiye ngati muli cha m'ma 50 zaka 20 zija sakupatsani n'komwe.

Kusaina muli kunja n'kotheka. Mapepala amasainidwa pamaso pa Notary Public kapena ku ofesi ya kazembe wathu ku London, n'kutumiza enieniwo pa DHL, sikani ya pa WhatsApp ku Lands sigwira ntchito. Mukafuna kupatsa munthu power of attorney, kalata yomupatsa mphamvu yochita zinthu m'malo mwanu, ilembedwe yopapatiza, ya nyumba iyi yokha, title number yakuti, kugula kokha, kuthera tsiku lakuti. Ija yonena kuti achite chilichonse m'malo mwanga imapatsa munthu mphamvu yogulitsa kapena kukongolera nyumba yanu. Apa ndiye pamene achimwene angathandize bwino, kuthamanga ndi mapepala, kuperekeza valuer, kukuimbirani video call ali pa puloti akuonetsani mabikoni onse anayi. Dzina pa title likhale lanu.

Mukabwera holide ya December musathere masiku onse ku maukwati ndi ku nyanja. Bwerani ndi pasipoti yakale ija, satifiketi yobadwira ngati ilipo, zikalata za makolo, ma payslip ndi masitetimenti. Sabata yoyamba Immigration ndi NRB, maofesi asanayambe kutsekera Khirisimasi. Kenako mabanki atatu, osati imodzi, aliyense akulembereni pa pepala leti yake, dipoziti, zaka ndi mafizi onse, mukayerekeze muli phee kunyumba. Ku Chigumula mupiteko kukugwa mvula, muone msewu ngati galimoto yaing'ono imafika pa geti, mutsegule mpopi muone ngati madzi a Water Board akutuluka, mucheze ndi neba popanda ejenti pafupi. Nyumba iyi ya K140 miliyoni mwina pofika nthawi imeneyo idzakhala itapita, ndipo ikapita ipite, unzika wokha ukhoza kukutengerani miyezi. Mukapeza title number ya iyi kapena ina, mundilembere, tione chimene search ikunena musanatumize olo paundi imodzi.